Mayi Aakulu ndi Alendo Odzatenga Mwana

Ku mtundu kwathu ndimadziwika kuti ndine womva Chingerezi, chifukwa ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Zomba. Ndiye chilichonse chobwera m'Chingerezi chimagwera ine: malangizo a mankhwala, mauthenga a pa foni onena kuti mwawina galimoto, ngakhale mawu olembedwa pachifuwa cha malaya a kaunjika. Ndi mmene ndinapezekera pakati pa nkhani ya mwana wa mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo anali mwana wa malemu mayi anga aang'ono. Anamwalira atangobereka kumene mwana wamkazi. Bambo wa mwanayo anali atalowera ku Joni mimba isanaoneke, ndipo nambala yake inasiya kugwira. Maliro atatha tinakhala pansi n'kuona kuti woyamwitsa panalibe, mkaka wa m'chitini sitikanaukwanitsa. Amalume, monga eni mbumba, anagamula kuti khandalo likasungidwe kunyumba ina yolerako ana kunja kwa tawuni mpaka litayamba kudya phala. Tonse tinkadziwa kuti n'zongoyembekezera. Koma zongoyembekezera za kwathu kuno mumazidziwa. Mwana anayamba phala, anakwawa, anaimirira, ife tikungonena kuti mwezi wamawa.

Amene ankapitako kawirikawiri kukamuona anali mayi aakulu, akulu awo a mayi anga. Amakhala ku Matawale ndipo amagulitsa kaunjika mumsika. Ndi aafupi, amawu aakulu, ndipo akhoza kukugulitsani jekete dzuwa likuswa mtengo inu n'kuchoka mukuthokoza. Ana awo onse anakula n'kumwazikana. Amuna awo anawapirikitsa okha kalekale, ndipo mukawafunsa chifukwa amangoti, "Ankandithera sopo." Akatsegula belo ya zovala za ana, kadiresi kabwino kwambiri sikankafika pa benchi. Ankakabisa m'chikwama n'kukamuveka mwanayo.

Tsiku lina amalume anafika kwathu ku Mtiya pa njinga yawo, akumwetulira ngati munthu amene watola chikwama.

"Muphwa wanga, mwayi watigwera," anatero asanakhale n'komwe. "Kuli alendo awiri, bambo ndi mayi, ochokera kunja. Amukonda mwana uja, akufuna amulere. Akulu a panyumba paja andifunsa, ine ndavomera. Akaphunzira komweko, adzabwera ali dokotala."

Sindinaonepo vuto, ngakhale ine wa Chingerezine. Kwathu ndani sanaleredwepo ndi munthu wina? Ine ndinakulira kwa azakhali, ndinkabwerera kwa mayi pa holide, ndipo palibe anaiwala kuti ndine mwana wa ndani. Amalume anamva mawu oti kulera, anamva zimene mawuwo amatanthauza kwa ife.

Mayi aakulu atamva nkhaniyi sanakane. Anangofunsa kuti ulendo uli liti.

"Mukufuna mukamuperekeze ku bwalo la ndege?" ndinafunsa.

"Kuperekeza chiyani? Mwana sapita yekha. Azikamusambitsa ndani? Amadziwa kuti phala amalifuna la nsinjiro?"

Kuyambira tsiku limenelo msika wonse unadziwa kuti mayi aakulu akupita kunja. Anasankha chijasi chachikulu kwambiri pa belo yawo, chaubweya m'khosi, chofika m'akakolo. Anapeza nsapato zazitali ndi chipewa. Anzawo a pa mzere anayamba kupereka maoda, wina foni, wina wigi. Ineyo ankandiimbira ndili m'kalasi kuti ndiwaphunzitse kunena m'Chingerezi kuti ndiwo zachepa mchere.

Amene anasokoneza ulendowo ndi mtsikana wa ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha ana, amene tonse tinkangomutchula kuti a sosholo. Anali wocheperapo msinkhu kwa ine, woyenda pa njinga yamoto, wosathamanga polankhula. Anandipeza kusukulu n'kundiuza kuti zinthu zikusintha. Kale, anatero, mwana ankatha kukwera ndege abale ake atangomva theka la nkhani. Iye sakanapititsa nkhaniyi kukhoti asanakhale pansi ndi mbumba yonse, kuwauza m'chinenero chawo zimene akuvomera, ndiponso kufunsa kaye ngati palibe wachibale amene angamutenge mwanayo.

"Komanso mayi wachilendoyo ndi amene waumirira kuti akuoneni," anawonjezera. "Anauzidwa kuti mwanayu alibe aliyense. Koma ankadabwa kuti nthawi zonse akapita amamupeza ndi kadiresi kena, kosiyana ndi ka anzake. Ndiye anafunsa kuti amabweretsa ndani."

Tinakumana ku Matawale, pakhonde la mayi aakulu, pa mipando yobwereka kwa aneba. Kunali kotentha moti ngakhale nkhuku zinali zitayasamula pansi pa mpanda. Mayi aakulu anatuluka atavala chijasi chija, mabatani onse atamanga, kuti alendo aone okha kuti munthu ndi wokonzeka. Ana a koleji ochita lendi kuseri anatulutsa zochapa zimene sizinali zakuda, kuti apeze chifukwa chokhalira pa mpopi.

Alendowo anafika ndi a sosholo. Bamboyo anali mzungu wamtali, wofiira ndi dzuwa, wogwira ntchito kubungwe lina la za ulimi. Mayiyo anali wamng'ono thupi, tsitsi lalitali lakuda bii, khungu loderapo. Aneba anagamula nthawi yomweyo kuti ndi mmwenye. Mayiyo anagwira dzanja la mayi aakulu ndi manja awiri, n'kupinda mawondo pang'ono. Mayi aakulu anandiyang'ana ngati akuti, uyu wina anamulangiza.

A sosholo anayamba mosazungulira. "Amalume, mayi, uku si kulera kumene mukukudziwa. Khoti likavomereza, mwanayu adzakhala wawo ngati wobereka okha. Adzatenga dzina lawo. Inu simudzakhalanso ndi mphamvu yomuitanitsa."

"Nanga pa holide?" anafunsa amalume.

"Akafuna iwo. Akapanda kufuna, palibe amene angawakakamize."

Amalume anayamba kusisita bondo. Mayi aakulu anapukuta thukuta ndi ubweya wa m'khosi muja n'kunditembenukira. "Iwe, afunse kuti ineyo ndikagona chipinda chimodzi ndi mwana kapena andikonzera changa."

Ndinamasulira. Bamboyo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti akuseka yekha anasiyira panjira. A sosholo ndi amene anafotokoza modekha kuti pa ulendowo panalibe malo a munthu wina.

Mayi aakulu anamasula mabatani limodzilimodzi, anavula chijasi, anachipinda bwinobwino n'kuchikhalira. Amene amawadziwa akanathawa pomwepo.

"Afunse," anatero, "kwawoko ana anatha?"

Ine ndinayesa kuvalika funsolo zovala. Ndinayamba ndi kuthokoza alendo chifukwa cha mtima wawo wabwino, ndinadutsa pa chikhalidwe chathu, ndikuyandikira funsolo pang'onopang'ono. Mayi aakulu anandigwira pamkono.

"Aphunzitsi, ine ndalankhula mawu ochepa, inu mwayamba ulaliki. Nenani zimene ndanena."

Ndinanena. Bamboyo anafiira kuposa mmene analili. Anafotokoza kuti akhala m'banja nthawi yaitali osaona mphatso, kuti kwawoko ana ofuna makolo alipo koma mzere ndi wautali, ndiponso kuti mwanayu anangomukonda atamuona. Analankhula moona mtima, ndipo ndinamumvera chisoni.

"Chabwino," anatero mayi aakulu. "Nanenso ndamukonda bamboyu nditangomuona. Umufunse mkazi wakeyo ngati angandipatse. Ndimusintha dzina, azikhala kuno. Denga langa likudontha, ndipo uyu safuna makwerero. Pa holide ndizimutumiza, ndikafuna."

Ndinayang'ana a sosholo kuti andipulumutse, koma iwo anali atabisa pakamwa ndi dzanja. Ndinamasulira liwu ndi liwu. Mayi wachilendoyo anaphulika kuseka mpaka misozi, akumenya mwamuna wake paphewa. Atapuma ananena kuti wamva bwino lomwe zimene mayi akutanthauza. Ku mpopi kuja ana a koleji anali atagwetsa ndowa.

Tsiku limenelo sitinagamule kanthu. A sosholo anati aliyense akaganize. Ponyamuka, alendowo anatipempha kuti Loweruka tikawachezere pamwamba pa phiri, pomwe ankachita lendi kanyumba, ndipo a sosholo analonjeza kupempha kuti mwana adzakhale nafe tsikulo.

Mayi aakulu anabadwira pansi pa phiri limeneli, ndipo ali mtsikana ankakwera kukatola nkhuni, koma anali asanakwerepo pa galimoto. Msewu utayamba kukhotakhota, tawuni ikucheperachepera kumunsi, anamuuza bamboyo kudzera mwa ine kuti akafuna kufa afe yekha, iwo ali ndi belo yosatsegula. Mwana anali pamiyendo pawo, akuwakoka ndolo. Panjira tinagula masitiroberi kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, ndipo mayi aakulu anatembenuza kabasiketi konse kuti aone ngati apansi si owola. Amalume anakana kubwera, anati phiri analiona kale.

Tinayala mphasa pafupi ndi damu, pansi pa mitengo ya paini. Kamphepo kake kanali kozizira bwino. Mwana ankayenda chodzandira kuchoka kwa mayi aakulu kupita kwa mayi wachilendoyo, n'kubwerera, pakamwa pali pofiira ndi zipatso. Aliyense mwa awiriwo ankayesa kuonetsa ngati sakusamala kumene mwanayo akhalitse. Nyani wina anatsika n'kutenga buledi yense bamboyo akuyang'ana, ndipo mayi aakulu anati n'chimodzimodzi, wobwera kudzatenga naye watengeredwa. Izi sindinamasulire, ndipo sanandikakamize.

Kenako anafunsa funso limene linkawasowetsa mtendere kuyambira tsiku loyamba. "Umufunse, iyeyu ndi mmwenye kapena chiyani? Mwamuna wake ndi mzungu, ndaona. Nanga iye?"

Mayiyo anati anabadwira kudziko lina lakutali, kum'mawa, koma sakulikumbukira. Anatengedwa ali khanda kunyumba yolerako ana ngati yomweyi, n'kukakulira kwa azungu.

"Ndiye ulibe mayi?"

"Ndili nawo amene anandilera. Ndimawakonda kwambiri."

"Ndikunena amene anakubereka."

Anayang'ana pamadzi. Anati makolo ake omulerawo anauzidwa kuti mayi wobereka anamwalira ndipo panalibe wachibale. Iye anakula akukhulupirira zimenezo. Atakula anamva kuti anzake ambiri ochokera kunyumba yomweyo anauzidwa nkhani yofanana, ndipo ena atapita kukafufuza anakapeza amayi awo ali moyo, akugulitsa pamsika.

"Iwe unapita kukafuna ako?"

"Ayi. Ndimaopa."

"Ukuopa kuwapeza kapena kuwasowa?"

"Zonse."

Mayi aakulu anatola tsamba la paini pa tsitsi la mwana n'kulitaya. "Ndiye wabwera kudzatenga mwana wanga kuti nayenso azidzaopa?"

Apa ndinazengereza ndithu. Koma mayiyo anandigwira dzanja n'kunena kuti ndimasulire chilichonse. Atamva sanakwiye. Anati n'chifukwa chake anafuna kutiona ndi maso. Anali atalumbira kuti sadzanyamula mwana amene ali ndi munthu womubisira madiresi. Ngati alipo amene angamulere, iwo achoka panjira. Ankalankhula misozi ikutsika, osaipukuta. Mwamuna wake anaimirira n'kupita kukaima m'mphepete mwa damu, manja m'thumba, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Mayi aakulu si munthu wodziwa chochita ndi misozi ya ena. Anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kumuponyera. "Umuuze apukute, akuopseza mwana. Umuuzenso kuti wawonda kwambiri, amadya chiyani?"

Lolemba m'mawa anatseka benchi yawo n'kunditenga kupita ku ofesi ya a sosholo. Amalume anatitsatira akung'ung'udza za udokotala umene ukutipulumuka.

"Achimwene, makoleji ali pompano, mumadutsapo ndi njinga yanu tsiku lililonse," anawayankha mayi aakulu. "Inu munavomera chinthu musanachimve. Khalani chete, mumve tsopano." Kenako anatembenukira kwa a sosholo. "Mwanayu ndikumutenga ine. Ndikadamutenga kale, koma ndinkati ali pabwino, akudya za ulere. Komanso ndikutenga winayo."

"Wina uti, mayi?"

"Wamkuluyo. Wa tsitsiyo. Alibe womuuza zoona. Akhale wanga."

A sosholo anafotokoza kuti palibe lamulo lolola kutenga munthu wamkulu wokwatiwa kale, wa dziko lina.

"Loletsa lilipo?"

Anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti nalonso sanalionepo.

"Basi, zatheka."

Mwana asanaperekedwe, a sosholo anayenera kudzaona pakhomo. Mayi aakulu anabwereka sofa kwa aneba a kumanja, wailesi yakanema kwa aneba a kumanzere, ndi maluwa apulasitiki kutchalitchi. A sosholo anakhala pa sofayo, anayang'ana kanema amene analibe chingwe cholowa kukhoma, n'kufunsa zinthu zina: neti ya udzudzu ili kuti, madzi akumwa amasungira muti, akapita kumsika mwana azikhala ndi ndani. Zonsezo zinalipo kale. Potuluka anapempha kuti maluwawo abwerere Lamulungu lisanafike, chifukwa nawonso amapemphera komweko.

Mwana anabwera ku Matawale. Masabata oyamba alendo aja sanaoneke, ndipo ine ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Ndinakumana ndi bamboyo m'tawuni, anandipatsa moni wouma. Anandiuza mosabisa kuti mumtima mwake anali atamupatsa kale mwanayo chipinda, ndipo akuvutika kutikhululukira, ngakhale akudziwa kuti sitinalakwe.

Mayi aakulu sanadikire kuti mitima ipole yokha. Anandilamula kuimbira foni mayi wachilendo uja. "Umuuze kuti mwana wamkazi satha mwezi osadzaona mayi ake. Loweruka abwere, ndipo abwere ndi mwamunayo. Mvula yayandikira."

Anabwera. Bamboyo anakhala tsiku lonse pamwamba pa denga ndi hamala, osalankhula ndi munthu. Madzulo atatsika, mwana anamugwira mwendo n'kukana kumusiya, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse galimoto yawo inkaima pa mpanda wa mayi aakulu. Mayiyo anaphunzira kubereka mwana kumbuyo, ngakhale poyamba chitenje chinkamasuka ndipo tonse tinkayenda pambuyo pake manja ali tcheru. Anaphunzira kutsuka mbale ndi mchenga, kupatsa moni akuluakulu, ndi mawu angapo amene ndikukhulupirira kuti anawamva kwa mayi aakulu akukangana ndi a kabaza.

Kenako mayi aakulu anayamba kumutenga mayiyo kumsika. Ankamukhazika pa benchi kuti azikweza zovala m'mwamba n'kuitana makasitomala m'Chichewa chake chokhota. Anthu ankadzaza kudzaonerera, ndipo ambiri ankachoka atagula. Ofunsa ankayankhidwa mosaphethira.

"Ndi mwana wanga wachisamba. Anabadwira kunja."

"Inu mayi, kunja munapita liti?"

"Unali usanabadwe. Ukugula kapena ukufufuza?"

Chimene sanasiye ndi kumukumbutsa za mayi wake womubereka. Sankamunyengerera. Ankangoponya mawu apa ndi apo, akusenda mbatata kapena akupinda zovala. Tsiku lina anati munthu amene saopa kudutsa pakati pa minibasi za pa depoti sangaope ndege yopita kwawo. Tsiku lina anati nkhalamba sizidikira. Mayiyo ankangoseka.

Ntchito ya bamboyo itatha, alendo aja ananyamuka. Mayi aakulu sanapite kukatsanzikana nawo, anati ali ndi makasitomala. Madzulo ndinawapeza atakhala pakhonde maso ali ofiira, ndipo anandiuza kuti ndi fumbi la kaunjika.

Patapita miyezi, mnzawo wa pa mzere anandiimbira masana kuti ndithamangire kumsika, foni ya mayi aakulu ikulankhula Chingerezi. Ndinapeza anthu ataunjikana pa benchi. Pa foni panali nkhope ya mayi wachilendo uja, ali kudziko limene anabadwira, m'kachipinda kowala, kunja kukumveka mahutala. Pambali pake panakhala mayi wokalamba, wamng'ono thupi, nsalu kumutu. Mphuno inali imodzimodzi, chibwano chimodzimodzi. Panalinso mnyamata wina womasulira, chifukwa awiriwo sankamvana chinenero.

Nkhani inkayenda mtunda wautali: kuchoka kwa mayi wokalambayo kupita kwa womasulira wawo, kwa mwana wawo, kwa ine, kenako kwa mayi aakulu ndi msika wonse. Mayi wokalambayo anati anadwala atangobereka, ndipo abale anakasiya khandalo kunyumba ija kuti lisungidwe mpaka iwo atachira. Atachira n'kupita kukamutenga, anauzidwa kuti mwana anapita. Sanauzidwe kumene anapita.

Ine ndinayang'ana mwana wa mng'ono wanga atakhala pa mulu wa masiketi, akuyesa kuvala nsapato ya munthu wamkulu.

Mayi aakulu anayandikitsa foni kumaso mpaka kumbali inayo ayenera kuti ankangoona mphumi. "Uwauze kuti ndinawasungira bwino mwana wawo. Koma sadya. Amuumirize."

Uthenga unayenda, unafika, ndipo mayi wokalambayo anagwedeza mutu mwamphamvu n'kuyankha zambiri. Zitabwerera kwa ine zinali zoti nawonso aona, ndipo ayamba kale.

"Uwauzenso kuti tigwirizane poyera. Iwo ndi mayi aang'ono, wamkulu ndine. Ndine ndinayamba kumulanga."

Kumbali inayo kunabwera funso loti mayi aakulu anabadwa liti. Ndinayamba kutchula chaka chimene ndimachidziwa, koma anandiponda chala. Anafunsa kaye zaka za mnzawoyo, ndipo atazimva anadziwonjezera zokwanira kuti apambane, moti malinga ndi tsiku limenelo iwo ndi aakulu kuposa amalume. Mayi wokalambayo anawayang'anitsitsa, anaseka mpaka kuonetsa usinini, n'kunena kuti avomera, koma mkulu wawoyo akuoneka kuti amadzisamala kwambiri.

Mayi aakulu anali atayamba kufotokoza mafuta amene amadzola pamene mwana anatsika pa masiketi paja, analanda foni kuti aone amene akulankhula, n'kudina pofiira. Tinayesa kuimbanso, netiweki inakana. Mayi aakulu anaika foni m'kamisolo, anayang'ana khamu lonse lija n'kufunsa ngati pali amene akugula, chifukwa zoonera zatha.